Kugwa kwa Belkheir pa Masitepe a Kumpanda

Belkheir Guesmia anabadwira ku Hassi Merzoug, tauni ya nkhosa ndi fumbi, kumene munthu wopanda khola amayesedwa mlendo ngakhale makolo ake ali m'manda a pomwepo. Bambo ake anafa iye ali mnyamata, lole ya chakudya cha ziweto itawagubudukira pa msewu wa ku Djelfa. Anasiya mkazi, a Hadda, ndi ana aamuna awiri: Belkheir, amene anali atangoyamba kumera ndevu, ndi Zoubir, amene anali asanalowe n'komwe sukulu. Abale a bambo anabwera, analira, anagawana nkhosa, n'kumapita.

Zaka zimenezo boma linali litamanga ng'anjo ya nyukiliya m'chigwa cha kuseri kwa tauni, yaing'ono, yophunzirirapo akatswiri. Dzina lake lenileni panalibe ankalitchula. Anthu ankangoti Kumpanda, popeza chimene ankaona ndi waya ndi asilikali basi. Belkheir anali ataphunzira za mapaipi kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo anamulemba. Anayamba ndi kunyamulira ena masipanala, kenako anam'patsa mapampu oyendetsa madzi olemera, madzi amene ng'anjo ya mtundu umenewo imadalira. Pa maso ndi madzi ngati ena onse. Koma akakhalitsa m'ng'anjo amatenga ululu wake, moti akadontha penapake munthu salowamo wopanda chovala chotseka thupi lonse ndi botolo la mpweya kumsana.

Anagwira ntchitoyo ngakhale m'zaka za magazi za nkhondo ya pachiweniweni, pamene basi ya antchito inkaperekezedwa ndi mfuti ndipo anthu ankabisa kumene amagwira. Tsiku lina basiyo inaponda bomba lokwirira m'msewu. Awiri anafera pomwepo. Belkheir anatuluka ndi bondo lophwanyika, ndipo kuyambira pamenepo ankakoka mwendo wamanzere, makamaka kukazizira. Sanasiye ntchito. Zoubir anali ku yunivesite ku Algiers, ndipo mabuku ake, nsapato zake, ngakhale khofi amene ankamwa ndi anzake, zonse zinkatuluka m'mapampu amenewo.

Zoubir anabwerako ali injiniya, anapitanso kunja kukawonjezera, ndipo pomaliza anamuika kukhala woyang'anira chitetezo cha ng'anjo Kumpanda komweko. Kunyumba ankapsompsona mkulu wake pamutu, monga mwa mwambo. Kuntchito ankangom'gwedezera mutu, akulankhula Chifalansa ndi anzake. Belkheir sankadandaula. Ankauza mkazi wake Rebiha kuti, "Mwana uja ndi denga, ine maziko. Unaonapo denga likupereka moni kwa maziko?"

Pansi penipeni pa nyumba ya ng'anjo panali gudumu lofiira. Ng'anjo ya nyukiliya, ngakhale uizimitse, imakhala ikunyekabe m'kati ngati chitsa cha pa lupsa. Magetsi akathima, majenereta n'kukana, mapampu amaima. Zikatero munthu ankayenera kutsika masitepe n'kukapotokola gudumulo ndi manja, kuti madzi osungira tsiku la ngozi alowe. Akachedwa, zitsulo za m'kati zimayamba kusungunuka. Gudumulo linali la Belkheir m'zonse kupatula dzina. Ndiye ankalipaka girizi, ndiye ankalipenta.

Chaka chimene nyanja inakwera pamtunda ku Japan, amuna a ku Hassi Merzoug anaonera pa kanema m'nyumba ya khofi ya Sebti. Anaona madenga a ng'anjo za kumeneko akuphulika, utsi uli tolotolo.

"Si Belkheir, tithawe?" anafunsa wina, akusakaniza madomino. Kumeneko Si ndi mawu aulemu, ngati kunena kuti Bambo.

"Muthawe chiyani?" anayankha Sebti, Belkheir asanayankhe. "Nyanja kuno muiona kuti? Kuno ngakhale bulu akakodza, nthaka imathokoza."

Onse anaseka, Belkheir yemwe.

Zoubir sanaseke. Iye ankati ku Japan sinali nyanja yokha imene inawononga, koma mdima: magetsi atathima, anthu ankafufuza mavalavu ndi manja ngati akhungu. Anakhala miyezi akujambula mapulani atsopano. Ankafuna thanki yaikulu pamwamba pa chulu chochita kuunjika, kuti madzi azitsika okha chifukwa cha kulemera kwawo, ndi valavu imene magetsi ndiwo amaigwira kuti ikhale yotseka, moti magetsi akangothima iyo itseguke yokha. Majenereta ankafuna akwezedwe, akhalenso m'nyumba ziwiri zotalikirana. Mfundo yake inali imodzi: moyo wa chigwa chonse usadalire miyendo ya munthu. Ku unduna anamumvetsera, anam'patsa khofi, n'kumuuza kuti ng'anjo yathu ndi yaing'ono, gudumu lilipo, anthu olipotokola alipo. Anapitako, n'kupitanso, koma ankabwerako manja ali lende.

Ramadhani ya chaka chotsatira inagwa pakati pa chilimwe. Zoubir anabwera kudzamasula kusala kunyumba kwa mkulu wake. Atadya zipatso za tende ndi kumwa msuzi, anaika sipuni pansi.

"Achimwene, sabata ya mawa tikuyeserera ngozi. Tijambula kanema woti akuluakulu a ku Algiers akaone. Ndikufuna munthu amene gudumu lija limamudziwa."

Belkheir anawongola msana. Zaka zonsezo mphwake anali asanamupemphepo kanthu kuntchito.

"Nanga bondo lija?" anafunsa Rebiha ali pakhomo la khitchini.

"Bondo ndi langa, silinandikanepo," anatero Belkheir. "Ukawauze, Zoubir, kuti ndibwera."

Anamuitana masana, dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kuli gwa. Anamuveka chovala chotseka chija, botolo kumsana, galasi kumaso. Magetsi anathimitsa. Kumbuyo kwake kunali munthu wa kamera. Belkheir anayenda mwachangu kupita ku chitseko chimene ankadutsa masiku onse, n'kupeza chamangidwa ndi tcheni.

Mawu a Zoubir anamveka pa wailesi ya m'khutu, odekha. "Tiyerekeze kuti chivomerezi chapinda chitseko chimenecho. Zungulirani."

Kuzungulira kunali kudzera pa masitepe achitsulo a kuseri, opapatiza, otsika mokhota. Thukuta linadzaza m'chovala mpaka kumapazi. Galasi linachita nthunzi. Anatsika pang'ono akugwira chitsulo, ndipo pokhota bondo linangoti khwethe. Anagubuduka, botolo likumumenya msana, tochi n'kugwera pansi patali. Anayesa kudzuka, mwendo unakana. Anasanza ndulu m'galasi momwemo. Ndiye anayamba kukwawa, manja ndi bondo limodzi, botolo lili pamsana, akufufuza khoma. Wa kamera sanam'gwire dzanja. Anali atauzidwa kuti asathandize.

Atafika pa gudumu, mawu aja anamvekanso. "Basi, siyani. Nthawi yadutsa kalekale. Ikanakhala ngozi yeniyeni, ng'anjo yasungunuka."

Belkheir analipotokolabe, akulira ngati mwana, mpaka linafika kumapeto. Zimenezonso kamera inajambula.

Kanemayo anachita zimene mapulani a miyezi yambiri analephera. Akuluakulu a ku unduna ataona mdala akukwawa mu mdima, anavomereza thanki, valavu, majenereta, zonse. Dokotala wa Kumpanda anayeza Belkheir n'kunena kuti sakuyeneranso kuyandikira ng'anjo. Anamuika kosungira zovala, ndipo chaka chisanathe anamupumitsa ntchito.

Amene anatulutsa kanemayo kunja kwa waya sanadziwike. Ena ankati ndi dalaivala, ena ankati msilikali. Koma pofika nyengo yozizira anali m'mafoni a tauni yonse, ndipo wina anali atamuikira nyimbo ya ukwati. Ana ankamanga zigubu kumsana n'kumakwawa mumsewu Belkheir akamadutsa. Tsiku limene analimba mtima n'kulowa kwa Sebti, mwini khofiyo anakuwa ali kuseri kwa tebulo lake.

"Taonani, afika Si Kamba. Apatseni mpando waufupi, angagwere patali."

"Si Belkheir, pobwera munanyamuka dzulo?" anawonjezera wina.

Iye anamwa khofi wake ali chiimire, analipira, natuluka. Sanalowemonso.

Kuseka kukanatha. Chimene sichinathe ndi mawu amene akazi anayamba kunong'onezana kosambira ndi m'maukwati: kuti munthu sagwa chotero popanda chifukwa, kuti madzi a Kumpanda anamulowa m'mafupa, kuti n'chifukwa chake anamuchotsa mwakachetechete. Ndipo matenda otero, ankati, amatsikira kwa ana ndi zidzukulu. Belkheir anali ndi mwana mmodzi yekha, Nouara, amene ankaphunzira zauphunzitsi. Anali atatomeredwa ndi Ilyes, mwana wa Hadj Bouzid wogulitsa nsalu. Awiriwo ankakondana, chinthu chimene tauni yonse inkadziwa n'kumachita ngati siikudziwa. Tsopano akazi a kwa Hadj anayamba kuchedwetsa tsiku. Mwezi uno kuli maliro, mwezi wamawa azakhali akudwala.

Zoona zake Belkheir anazimva kwa Ramdane, mnzake wa mapampu, potuluka mumzikiti Lachisanu. Ramdane anamukokera pambali, maso ali pansi.

"Zikundiwawa kukhala nazo, m'bale wanga. Sabata imodzi iwe usanatsike, ndinatsika ine. M'mawa, kukadali kozizira, chitseko chili chotseguka. Ndinafika nthawi ikadalipo yambiri. Anajambulanso. Kanema wangayo sanapite ku Algiers."

Belkheir anapita kwa mphwake tsiku lomwelo. Zoubir ankakhala m'nyumba za mainjiniya, zokhala ndi mitengo. Anamulandira m'chipinda cha alendo, ndipo atamva funso sanakane.

"Ndi zoona, achimwene. Ndikanawaonetsa wa Ramdane akanati gudumu likukwanira. Koma ngozi sisankha m'mawa. Sifunsa amene ali pa ntchito tsiku limenelo, kaya wadya, kaya chitseko chili bwino. Ine sindinaname. Ndinangowaonetsa tsiku loipa."

"Unadziwa kuti ndigwa."

"Ndinkadziwa kuti muchedwa. Zakugwazo sindinaziganizire."

"Amuna opunduka alipo ena Kumpanda. Alipo a mimba ngati ng'oma. Bwanji ine?"

Zoubir anayang'ana pawindo. "Wina aliyense abale ake akanabwera ndi ndodo. Akanapita kwa loya. Inu ndinu anga. Ndinkadziwa kuti simungandikanire, ndipo simungandisumire."

Belkheir anati, "Za ine zisiye. Tiye kwa Hadj Bouzid. Ukawauze kuti sindikudwala, kuti kugwa kuja kunali kokonza."

"Zoti simukudwala ndikanena. Zinazo ayi. Ntchito ya thanki yangoyamba kumene. Zikamveka ku Algiers kuti ndinasankha munthu ndi nthawi, aimitsa zonse. Mukufuna tibwerere ku gudumu?"

Anapita onse awiri. Hadj Bouzid anawalandira ndi tiyi ndi makeke a uchi. Zoubir analankhula bwino, anafotokoza za kachipangizo kamene wantchito aliyense amavala pachifuwa koyeza ululu wolowa m'thupi, anati ka mkulu wake sikanaonetsepo choopsa. Hadj ankagwedeza mutu, akuyendetsa mikanda yake ya pemphero.

"Mwalankhula ngati buku, Si Zoubir, Mulungu akuwonjezereni. Ine ndine wa nsalu, sindidziwa zambiri. Ndingofunsa chimodzi. Ngati achimwene anuwa ali bwino, anagweranji malo amene ayendapo zaka zonsezi? Ndipo inu eni ake munawachotseranji?"

Belkheir anatembenukira mphwake. Zoubir ananyamula kapu ya tiyi, namwa. Anati, "Ukalamba, Hadj."

Mphete inabwezedwa sabata yomweyo. Ilyes anakwatira msuweni wake wa ku Messaad nyengo yometa nkhosa isanafike, ndipo magalimoto a ukwati anadutsa pakhomo pa Belkheir akuliza mahutala, chifukwa msewu ndi umodzi.

A Hadda, mayi wawo, ankakhala kwa Belkheir chiyambire. Iye anawafotokozera zonse, akuyembekeza kuti aitana mwana wawo wamng'ono n'kumutemberera. Mayiwo anamvetsera akusankha tirigu m'lichero.

"Ndiye ukufuna ndichite chiyani? Ndimuchotse ntchito? Iwe ndinakubereka kuti uzinyamula, iye ndinamubereka kuti azikwera. Aliyense ndi gawo lake. Ukanayenda bwino pa masitepepo sibwenzi tikukamba izi."

"Amayi, mdzukulu wanu wasiyidwa."

"Akazi amasiyidwa. Si woyamba."

Posakhalitsa a Hadda anasamukira kwa Zoubir, kunyumba ya mitengo ija, akuti kwa Belkheir kwachuluka nkhope zamaliro.

Mkwiyo umene unalephera kukwera unatsikira pansi. Belkheir, amene anali asanakwezepo dzanja m'nyumba mwake, anamenya Rebiha chifukwa cha mchere. Analetsa Nouara kupita kukoleji, akuti akupita kukadzionetsa kwa anthu amene amaseka bambo ake. Anam'landa foni n'kuiphwanya ndi nyundo pabwalo. Mtsikanayo akalira, iye ankati, "Ukulira mwana wa nsalu? Ukanakhala mkazi weniweni akanakutenga ngakhale bambo ako ali ndi khate."

Kenako kunabwera Lakhdar, wogula nkhosa wa kumwera, wamasiye, wamkulu kuposa Belkheir, wa ana asanu. Iye mphekesera sankaziopa. Ankafuna wophika. Anafunsira Nouara, ndipo Belkheir anavomera. Rebiha anagwada n'kugwira miyendo ya mwamuna wake.

"Bambo a Nouara, dikirani chaka chimodzi chokha. Anthu aiwala."

"Aiwala chiyani? Uli ndi wina amene wagogoda?"

Nouara sanapemphe. Tsiku lonyamuka anapsompsona mayi ake, ndipo atafika pa bambo ake anangoima. "Mwanditaya bwino, ababa," anatero motsitsa mawu, nakwera galimoto ya nkhosa.

Thanki inamangidwa. Inkaoneka kuchokera pamsika, yoyera, pamwamba pa chulu chake. Tsiku loiyesa anathimitsa magetsi onse, ndipo valavu inatseguka yokha, madzi n'kutsika popanda munthu kusuntha phazi. Oyendera ochokera kunja anabwera, anayamikira, anati ena atengerepo phunziro. Ramdane ankanena poyera kuti tsopano amagona tulo akakhala pa ntchito ana ake ali kutauni, ndipo ankanena zoona. Gudumu lofiira analidula n'kuliponya pa mulu wa zitsulo zakutha. Zoubir anakwezedwa. Ankayenda m'misonkhano ya kunja kukafotokoza mmene ng'anjo zakale za madzi olemera zingakonzedwere, ndipo kanema uja ankayenda naye, nkhope itabisidwa. Ankati palibe chojambula chimene chimakhutiritsa anthu ngati chimenecho.

Pa Idi iliyonse ankatumiza nkhosa yamphongo kwa mkulu wake. Belkheir ankaimasula n'kuipirikitsira mumsewu, aliyense woitola atole. Pa maliro a mayi wawo anaima mbali ziwiri za manda, ndipo anthu opepesa ankachita kuzungulira.

Nouara anabwera kamodzi kokha, patapita zaka, atamva kuti shuga wawadya maso bambo ake. Anali wowonda, manja okhakhala, ali ndi kamwana kakakazi m'manja. Anakhala m'khitchini ndi mayi ake tsiku lonse. Madzulo Belkheir anamva kamwanako kakuseka, ndipo anafufuza khoma mpaka pakhomo.

"Nouara, mwana wanga, ndipatse ndimunyamuleko."

Anatambasula manja. Nouara anamusunthira mwanayo kumbali ina.

"Ayi, ababa. Amati muli ndi matenda a Kumpanda."

"Iwe ukudziwa kuti ndi bodza."

"Ndikudziwa," anatero, n'kupitiriza kudyetsa mwana wake.

Rebiha anapitiriza kukanda ufa. Belkheir anaima pakhomopo manja ali m'malere, kenako anawatsitsa, nabwerera kuchipinda kwake. M'mawa mwake galimoto ya Lakhdar inabwera kudzawatenga.

Belkheir anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Sankatulukanso, kupatula Lachisanu, pamene Ramdane ankabwera kudzamugwira mkono kupita naye ku mzikiti wa kumapeto kwa tauni, kumene kunkapemphera abusa a nkhosa odutsa, osamudziwa. Anamwalira m'nyengo yozizira, chisanu chitatseka msewu wa kumpoto. Zoubir anali kunja ku msonkhano, ndipo anafika atamuika kale. Anapita kumanda yekha, anakhalako pang'ono, kenako anapita kwa Rebiha kukamuuza kuti asamukire kunyumba ya mitengo. Rebiha anamulankhula ali kuseri kwa chitseko, anamuthokoza, n'kumuuza kuti apita kumwera kwa mwana wake. Nyumbayo anaigulitsa kwa wokonza matayala.